Funsani Dokotala: Matuza a kumaliseche kwa munthu amene ali ndi HIV

Funso: Adokotala, ndili pa ma ARV chaka chachitatu tsopano. Pakapita miyezi ingapo ndimatuluka timatuza kumaliseche, timaphulika n'kukhala tizilonda, kenako timapola tokha. Kodi zimenezi zingachulukitse HIV m'thupi mwanga? Ndine mayi wa ku Ulongwe, ku Angónia, m'dziko la Mozambique.

Yankho: Mayi, zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi herpes, makamaka mtundu wa HSV-2. Kachilomboka kakalowa m'thupi sikachoka. Kamabisala m'minyewa ya kumunsi kwa msana, n'kumadzuka nthawi ndi nthawi.

Kakadzuka, thupi limatumiza maselo oteteza thupi otchedwa CD4 pamalo pa chilondapo kuti akalimbane nako. Tsoka lake, maselo omwewa ndi amene HIV imaswaniranamo, ndipo amakhalabe pamenepo masabata ambiri khungu litapola kale. N'chifukwa chake munthu amene samwa ma ARV, HIV imachuluka m'magazi ndi m'madzi a kumaliseche herpes ikadzuka. Amene alibe HIV koma ali ndi HSV-2, mpata woti aitenge umakula pafupifupi katatu.

Inu muli pa ma ARV, ndipo ndiwo amatsekereza HIV kuswana. Chofunika n'kumwa osadumphitsa ndi kuyezetsa kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi, kumene anamwino amati carga viral. Ikakhala yosaoneka, matuzawa asakudetseni nkhawa pa nkhani ya HIV.

Matuzawo ali ndi mankhwala ake, acyclovir. Akabweranso, mlingo wa anthu amene ali ndi HIV ndi 400 mg katatu pa tsiku kwa masiku 5. Yambani tsiku lomwe mwamva kuyabwa kapena kunyerenyetsa, musadikire chilonda, chifukwa mankhwalawa amagwira kachilombo ka herpes kakamaswana. Amene amatuluka matuza kanayi kapena kuposerapo pa chaka angapatsidwe 400 mg kawiri pa tsiku mosalekeza. Muzimwa madzi ambiri, ndipo ngati muli ndi vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, auzeni achipatala.

Acyclovir salowa m'malo mwa ma ARV. Kafukufuku wa 2010 pa mabanja oposa 3,000 m'maiko 7 a mu Africa anapeza kuti acyclovir amatsitsa HIV pang'ono m'magazi, koma sanachepetse kupatsirana HIV.

Pitani kuchipatala chilonda chisanapole kuti akachione, akuyezeninso chindoko pakuti nacho chimabwera ndi chilonda. Musagonane kufikira papoleretu. Chilonda chikatha mwezi osapola musachedwe, chingakhale chizindikiro choti chitetezo chatsika kwambiri ndipo CD4 iyenera kuyezedwa.