Deta ya mzinda ilipo, koma kodi alipo woti ayankhe?

Wowerenga wina, amene amadziwa kupanga mapulogalamu a pafoni, wandilembera kuti khonsolo ya mzinda wawo yayamba kuika deta yake, kutanthauza ziwerengero ndi zolembedwa zake, pa intaneti, ndipo akufuna kupanga pulogalamu yoti anthu azinenerapo maenje a m'misewu ndi zinyalala zosatoledwa. Funso lake ndi lakuti ayambire pati. Kalatayi ndaiwerenga kawiri, chifukwa yandikumbutsa chaka chathunthu chimene ine ndinatayira pa ntchito yofanana ndendende ndi imeneyi.

Tinalipo atatu, ndipo tonse tinali titatengeka ndi FixMyStreet, tsamba limene bungwe la mySociety linakhazikitsa ku Britain mu 2007, pomwe munthu amaloza pamapu malo pamene pali vuto ndipo dandaulo lake limapita kukhonsolo yoyenera. Tinkaganiza kuti chovuta ndi kupanga pulogalamuyo basi. Titapempha mndandanda wa misewu ndi ndalama zimene zinaikidwa zokonzera misewuyo, tinadikira miyezi ingapo, kenako tinalandira mafayilo a PDF, ena mwa iwo ali mapepala ojambulidwa mopendekeka pamakina, moti ndinkachezera usiku ndikukopera manambala imodziimodzi kuti kompyuta ithe kuwawerenga. Msewu umodzi unalembedwa mayina atatu osiyana m'madipatimenti atatu, ndipo panalibe amene akanatiuza dzina loona. Komabe tinapirira, pulogalamu inatuluka, anthu n'kuyamba kutumiza zithunzi. Sindidzaiwala mayi wina amene anatumiza katatu chithunzi cha ngalande yotsekeka pafupi ndi sukulu, madzi akuda atasefukira mpaka pachipata, ndipo ulendo wachitatu anangofunsa ngati kumene zithunzizo zimapita kuli munthu. Kunalibe. Madandaulo onse ankagwera mu imelo ya ofesi ina imene palibe aliyense anapatsidwa udindo woitsegula, ndipo ife sitinafunsepo zimenezo tisanayambe.

Kuyambira nthawi imeneyo ndimakayikira kwambiri chisangalalo chimene chimakhalapo boma likatsegula tsamba la deta. Kuyambira pamene data.gov, tsamba la deta la boma la United States, inatsegulidwa mu 2009, n'kubwera mgwirizano wolimbikitsa maboma kuchita zinthu poyera wa Open Government Partnership umene mayiko 8 anayambitsa mu 2011, mizinda yambiri yatsegula masamba otere, ndipo ndinene mosabisa kuti ambiri mwa amene ndawayendera ali ngati nyumba yosungiramo katundu amene mwini wake sakumufunanso. Zimene anthu amazifunadi, monga makontrakiti, mayina a makampani amene anapatsidwa ntchito ndiponso ndalama zimene zinalipiridwa, ndi zimene zimasowa kapena kuchedwa. Ndipo pulogalamu yolandira madandaulo amene palibe adzawayankhe imachita zoipa kuposa kusakhalapo kwake, chifukwa imaphunzitsa anthu kuti kulankhula n'kutaya nthawi.

Kumene zinthu zinayenda bwino, mukafufuza mudzapeza kuti panali munthu wam'kati amene ankafuna kuti ziyende. Mu 2005 bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mumzinda wa Portland ku United States, lotchedwa TriMet, linagwirizana ndi Google pa kalembedwe kamodzi ka nthawi ndi njira za mabasi, kamene lero kamatchedwa GTFS ndipo kakugwiritsidwa ntchito m'mizinda yochuluka padziko lonse. Chinapambana pamenepo si pulogalamu yokongola ayi, koma mafayilo wamba olembedwa mofanana, amene eni ake anavomera kumawakonza nthawi zonse. Ku New York, kumene lamulo la mu 2012 linakakamiza madipatimenti kutulutsa deta yawo, katswiri wa ziwerengero Ben Wellington anaunika zindapusa za oimika galimoto molakwika mu 2014, n'kupeza malo ena pafupi ndi mipopi yozimitsira moto pamene mizere ya pamsewu inkasokoneza madalaivala, ndipo mzinda unajambulanso mizereyo. Nkhaniyi anthu amaikamba potamanda luso la munthu mmodziyo, koma kwa ine chofunika ndi chakuti ofesi inamva n'kutumiza anthu ndi penti.

Deta ikakhala kuti kulibe

Nthawi zina khonsolo siibisa kanthu, imangokhala kuti nayonso ilibe. Ku Nairobi kunalibe mapu athunthu a njira za maminibasi otchedwa matatu mpaka pamene ophunzira a University of Nairobi, mogwirizana ndi anzawo a m'mayunivesite a ku United States a MIT ndi Columbia, anakwera matatuwo atanyamula mafoni ojambula njira, ndipo mapu a Digital Matatus anatuluka mu 2014. Ntchito yotere ndimailemekeza kuposa mipikisano yopanga mapulogalamu ya masiku awiri, imene imatha ndi mphotho ndi zithunzi, pulogalamu yopambanayo n'kufa mwezi usanathe. Ndiyeneranso kuchenjeza, ngakhale simunafunse, kuti deta yotulutsidwa mosasamala imavulaza anthu. M'chaka chomwecho cha 2014, New York inatulutsa mbiri ya maulendo a matakisi oposa 170 miliyoni manambala a ziphaso atabisidwa, koma anabisidwa mosalimba moti akatswiri anawavumbula mosavuta. Chithunzi cha zinyalala chimene munthu watumiza chimatha kuonetsa pamene iye amakhala, choncho muganizire msanga zimene simudzaonetsa poyera.

Tsono kwa inu amene mwandilembera, langizo langa ndi lakuti musayambe mwalemba pulogalamu. Sankhani vuto limodzi, pitani kukhonsolo mukapeze munthu amene amatumiza ogwira ntchito kukakonza vutolo, ndipo mumufunse kuti madandaulo amamufika bwanji panopa, amawalemba pati, ndiponso amafuna chiyani kuti athe kuchitapo kanthu. Pemphani deta yake m'mafayilo a CSV, omwe ndi matebulo wamba amene kompyuta imawerenga mosavuta, muone tsiku limene inakonzedwa komaliza, ndipo mugwirizane kuti dandaulo lililonse lizikhala ndi nambala komanso lizionetsa ngati lakonzedwa. FixMyStreet ndi yaulere kwa aliyense wofuna kuitenga n'kuisintha, choncho palibe chifukwa choyambira pachiyambi. Munthu wa kukhonsolo uja akavomera, yesani kaye m'dera limodzi kwa miyezi itatu. Akakana, gwiritsani ntchito deta yomwe ilipoyo kulemba zimene mwapeza, n'kuzipereka kwa makhansala ndi atolankhani.