Funsani Anamwino: Namondwe akawomba, namwino wodzipereka ayambire pati?

Mitambo yayamba kuda, ndipo makalata amene ndalandira mwezi uno ambiri akukamba za namondwe. Ndasankhapo awa.

FUNSO: Mayi, ndinamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, chiphaso ndili nacho, koma ntchito sindinaipeze. Nthawi ya namondwe wa Freddy ndinali ndikadali pasukulu, ndipo mtima unkandiwawa poona pa kanema anthu akufukula abale awo m'matope ku Chilobwe. Zikadzachitikanso ndikufuna kudzathandiza, ngakhale popanda malipiro. Ndiyambire pati? (Namwino wachitsikana, Kasungu)

YANKHO: Mwana wanga, yambira ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma lako, kumene timangoti kwa a DHO, ndipo upite sabata ino, mvula isanalimbe. Tenga chiphaso chako cha ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chikhale chosatha ntchito. Ulembetse dzina, unene kumene ungathe kupita ndiponso nthawi imene ungakhaleko. Ukachoka pamenepo, kaonekerenso ku ofesi ya Malawi Red Cross Society. Ngozi ikagwa, amene amagawa anthu ndi katundu m'misasa ndi khonsolo ya boma mogwirizana ndi a DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namwino amene wangotulukira yekha ndi chikwama, popanda womudziwa, amasanduka mlendo wina wofunika chakudya ndi pogona, pamalo pomwe ufa ukuperewera kale.

Tsono ndikuuze za ntchito yake, chifukwa si imene unaiona pa kanema. Freddy anatera kachiwiri ku Mozambique, pafupi ndi Quelimane, pa 11 Malichi 2023, ndipo mvula yake inakhuthukira kuchigawo chakumwera usana ndi usiku. Phiri la Soche linagumukira m'nyumba za anthu. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti dera lakumwera lagwa m'ngozi. Ovulala anathamangira nawo ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi kuzipatala za m'maboma, ndipo kusoka mabala ndi kumanga mafupa kunagwera anthu amene anali kale m'mawodi. Chipwirikiti chimenecho chinatha masiku owerengeka. Koma anthu oposa 650,000 anatsala opanda pokhala, ambiri a iwo m'makalasi ndi m'matchalitchi, ndipo kumeneko ndi kumene namwino wodzipereka ankasowa kwa milungu ndi miyezi.

Ine ndinatumizidwa kumsasa wina wa pasukulu ya pulayimale mu mzinda wa Blantyre. Amayi ndi ana anagona m'makalasi ena, abambo m'makalasi ena, madesiki ataunjikidwa pakona. Zimbudzi zomangira ana asukulu zinkagwiritsidwa ntchito ndi mudzi wathunthu, ndipo mipope inali yosatulutsa madzi. Usaiwale kuti namondweyu anatipeza tili kale pakati pa kolera, mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 ndipo unatenga miyoyo yoposa 1,700. Choncho ntchito yanga yoyamba m'mawa uliwonse sinali ya jakisoni. Inali yozungulira zidebe za madzi pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, kuona ngati mwathiridwa kolorini, ngati pakhomo pa chimbudzi pali ndowa ndi sopo, ndiponso kufunsa amayi kuti ndani watsegula m'mimba usiku. Munthu akangotulutsa chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, umamupatula nthawi yomweyo, kumuyambitsa Thanzi, ndi kuitana ambulansi. Ma HSA amenewa uwalemekeze kwambiri. Sukulu yawo ndi yaifupi poyerekeza ndi yako, koma amadziwa khomo lililonse, amadziwanso mayi amene sanabwere pamzere wa phala chifukwa wagona m'kalasi akudwala.

Chinthu chimene chimandikhudza mpaka lero ndi timabuku ta kuchipatala. Madzi anakokolola timabuku pamodzi ndi mabotolo a mankhwala. Bambo amene wakhala akumwa ma ARV zaka zambiri osaphonya, mwadzidzidzi alibe ngakhale mbulu umodzi, ndipo sanganene zimenezi pamzere pomwe pali apongozi ake ndi anansi. Ukangokhala patebulo kudikira kuti abwere okha, sabwera. Ndinkatenga mpando n'kukakhala kuseri kwa ofesi ya ahedi, n'kuuza amfumu ndi akomiti ya msasa kuti aliyense amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a shuga, a khunyu, a TB kapena ena alionse, andipeze kumeneko. Ndinkatchula matenda onse pamodzi mwadala, kuti wobwera asadziwike chimene wabwerera. Maina ndinkawapereka kuchipatala chaching'ono chapafupi, mankhwala n'kubwera.

Iwe ndiwe mzamba, ndiye amayi oyembekezera ndi ako. Tsiku lofika lomwelo uwalembe onse, udziwe miyezi yawo, ndipo amene atsala pang'ono uwatumize akadikirire kuchipatala msewu ukadali wodutsika. Ku Nsanje, ku Phalombe ndi ku Mulanje milatho inaduka, ndipo madera ena ankafikirika pa boti kapena pa helikopita basi. Mayi amene matenda amuyambira usiku kutsidya kwa mtsinje wodzaza, palibe chimene ungamuchitire ndi manja ako awiri akayamba kutaya magazi. Ana a sikelo asaphonye katemera, chifukwa chikuku chimathamanga pamene ana athithikana. Madzi akayamba kuphwa m'zithaphwi mumaswana udzudzu, malungo n'kufika, ndiye masikito amangidwe ngakhale pa mawindo a kalasi. Atsikana nawo uziwayang'anitsitsa. Amasowa zodzisamalira akakhala kumwezi, ndipo pamene pali njala pamapezeka amuna ofuna kusinthanitsa thumba la ufa ndi thupi la mwana. Ukamva zotere usanong'oneze, kanene kwa apolisi ndi kwa a ofesi yosamalira anthu.

M'chikwama mwako mukhale majombo a mphira, jasi la mvula, tochi, neti yako, sopo, magolovesi ndi kachakudya kako. Ndipo ngati ungasankhe, usalimbirane kupita sabata yoyamba. Pita pamene atolankhani achoka, magalimoto a mabungwe achepa, anamwino a m'deralo atopa, chonsecho ena mwa iwo nyumba zawo zinagwa ndipo ali ndi maliro awoawo. Za ntchito yolembedwa sindikulonjeza kanthu, koma pempha kalata yosonyeza kuti unatumikira kumeneko, uisunge bwino.

FUNSO: Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leeds. Ife Amalawi a kuno timafuna kumasonkhanitsa mankhwala otsala n'kutumiza kumudzi ngozi ikagwa, ndipo ena timaganiza zokwera ndege kubwera. Mukutilangiza bwanji?

YANKHO: Achemwali, zikomo chifukwa chosaiwala kwanu. Koma mankhwala otsala musatumize. Mankhwala olowa m'dziko muno amayenera chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo makatoni osakanikirana amadya nthawi ya munthu wowasankhula, ena n'kupezeka atha mphamvu, ena ndi oti kuno sitiwagwiritsa ntchito n'komwe. Sonkhani ndalama, mufunse a DHO a boma lokhudzidwalo chimene chikusowa, mugule konkuno kolorini, ndowa, sopo, zitenje ndi zofunda, kapena mulipire mafuta a ambulansi. Mtengo wa tikiti imodzi yochokera ku Britain ungagule ndowa zokwanira msasa wonse. Amene akufunitsitsa kubwera ayambe akonza kalembera wake ku khonsolo ya anamwino, kenako adzagwire mashifiti m'wodi ya chipatala cha boma kuti anzathu a kuno apumeko.

FUNSO: Mayi, akazi anga ndi namwino ndipo anathandiza nawo nthawi ya Freddy kuno kwathu. Chichokereni kumeneko sali bwino. Mvula ikayamba kugunda pamalata amadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha, amapsa mtima msanga, ndipo za kumsasa safuna kuzikamba. Abale akuti tipite nawo kumapemphero. Nditani? (Bambo wa ku Mulanje)

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kulemba, ndipo mwaonetsa kuti akazi anu mumawakonda. Zimene mukuonazi ndaziona mwa anzanga ambiri. Kwanuko anthu akale amakumbukabe Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991, ndipo Freddy anatsegulanso bala lomwelo. Namwino amene anatsuka matope m'kamwa mwa ana, amene anauza mayi kuti mwana wake wapita, amabwerera kunyumba ndi zithunzi zimenezo m'mutu. Ife anamwino tinazolowera kuvala yunifolomu n'kumaoneka olimba, ndiye kunena kuti tavulala mumtima kumatilemera. Akazi anu sanalodzedwe, ndipo si kuti chikhulupiriro chawo chachepa. Ndi matenda odziwika amene amagwira anthu oona zoopsa, ndipo amachizika.

Kupemphera pempherani, ine ndemwe ndimapemphera, koma kuchipatala mupitenso. Pachipatala cha boma pamakhala anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo akaona kuti pakufunika thandizo loposa amatumiza kwa akatswiri. Mwina akazi anu angachite manyazi kukaonana ndi munthu amene amagwira naye ntchito tsiku ndi tsiku. Zikatero pitani nawo kuchipatala cha boma lina, kapena cha mishoni, kumene sakudziwika.

Kunyumba musawakakamize kufotokoza. Usiku wa mvula dzukani nawo, muyatse nyale, mukhale pafupi, ngakhale osalankhula kanthu. Ana muwauze kuti amayi sakuwada, atopa mumtima. Mukaona ayamba kumwa mowa kapena mapiritsi ogonetsa kuti apeze tulo, kapena atchula zoti moyo wawakwana, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti abale agwirizane, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati chaka chino kudzamveke kuitana kwa anamwino odzipereka iwo asanapeze bwino, muwathandize kunena kuti ulendo uno atsala, apite ena.