Tifunseni: dziko la Asilamu ambiri lingakhale la secular?

FUNSO: A Mkonzi ndithandizeni pang'ono. Takhala tikutsutsana ndi mnzanga yemwe ndi Msilamu, iye akuti dziko lomwe anthu ake ambiri ndi Asilamu silingakhale la secular chifukwa kumeneko nkuthamangitsa Mulungu m'boma. Ine ndinati nanga Turkey bwanji, iye akuti amenewo anagulitsa chipembedzo chawo kalekale. Zoona zake ndi ziti? Komanso munthu wa chipembedzo china amakhala momasuka m'maiko ngati amenewo?
Bambo wowerenga wanu

YANKHO: Zikomo bambo. Choyamba, tikamati dziko ndi la secular sikuti anthu ake anasiya kupemphera ayi, nkhani yake ndi ya boma. Malamulo oyendetsera dziko sasankha chipembedzo chimodzi nkunena kuti ichi nde cha boma, ndipo malamulo amapangidwa ku palamenti osati ndi mashehe kapena mabishopu. Kuthamangitsa Mulungu kumene mnzanu akuopa kunachitikadi, koma ku Albania mu 1967 pomwe Enver Hoxha anatseka mizikiti ndi matchalitchi onse m'dzikomo, ina nkuisandutsa nkhokwe zosungira katundu ndi maholo a masewera. Limenelo linali boma lolimbana ndi chipembedzo, ndi nkhani ina.

Koma pa za Turkey musamuseke mnzanuyo, ali ndi mfundo ngakhale wainena mokwiya. Mustafa Kemal Atatürk atakhazikitsa dziko latsopanolo mu 1923, chaka chotsatira anathetsa mpando wa khalifa (mtsogoleri wamkulu wa Asilamu), mu 1928 anachotsa mawu onena kuti chipembedzo cha dziko ndi Chisilamu, ndipo mu 1937 za secular zinalowa m'malamulo akulu. Mpaka apa munthu ungaganize kuti boma linangozisiya zachipembedzo, koma ayi ndithu, linachita kuzikoka nkuziika m'thumba mwake. Mu 1924 momwemo anatsegula ofesi ya boma yotchedwa Diyanet yomwe mpaka lero ndi imene imalemba ntchito maimamu, kuwalipira ngati ogwira ntchito m'boma ena onse, komanso kukonza ulaliki wa Lachisanu womwe umawerengedwa m'mizikiti. Kuyambira 1932 mpaka 1950 kuitanira anthu ku swala kumachitika m'Chiteki chifukwa boma linatero, osati m'Chiarabu. Nde ngati boma likukuuzani chilankhulo choitanira mapemphero, mungati lilibe mbali?

Nkhani ya mpango wakumutu ndi imene imaonetsa bwino zimenezi. Kwa zaka zambiri mtsikana wovala hijab samaloledwa kulowa m'kalasi ku yunivesite, ena anasiya sukulu, ena amavala wigi pamwamba pa mpango kuti angodutsa pageti. Mu 1999 mayi wina dzina lake Merve Kavakçı anawina mpando wa uphungu, tsiku lolumbira analowa m'palamenti atafunda mpango wake ndipo aphungu anzake anayamba kukuwa kuti atuluke, anatulukadi osalumbira ngakhale anthu anamuvotera. Ngakhale khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2005, pa mlandu wa Leyla Şahin yemwe amaphunzira za udokotala, linagwirizana ndi boma la Turkey. Chiletsocho anachichotsa m'maofesi a boma mu 2013. Ine pamenepa ndimaona kuti mayi Kavakçı uja anaphwanyiridwa ufulu wake wa chipembedzo basi, zilibe kanthu kuti wophwanyayo amadzitchula kuti wa secular.

Tsopano mbali inayo, ya anthu a zipembedzo zina. Akhristu ndi Ayuda alipo ku Turkey ndipo amapemphera, koma sukulu ya ansembe a Orthodox ya ku Halki anaitseka mu 1971 ndipo zaka makumi zinadutsa chitsekere, nde tchalitchi chopanda kophunzitsira ansembe ake chikhala bwanji. Ndiye pali a Alevi, anthu mamiliyoni omwe kapembedzedwe kawo kamasiyana ndi ka Asuni, msonkho wawo umathandiza kulipira maimamu a Diyanet pamene nyumba zawo zopempherera zotchedwa cemevi kwa nthawi yaitali boma silimaziwerengera ngati malo opempherera, mpaka khothi la ku Ulaya lomwelija linagamula mu 2016 kuti akusalidwa. Hagia Sophia nayo, yomwe inamangidwa ngati tchalitchi, kenako mzikiti, mu 1934 nkukhala nyumba yoonetsera zakale, mu 2020 inabwereranso kukhala mzikiti. Dzina la secular likadali pomwepo m'malamulo, zochitika nde zikusintha.

Mukafuna chitsanzo chabwino chomuuza mnzanuyo mutchule Senegal. Anthu oposa 90 pa 100 alionse ndi Asilamu, opemphera kwambirinso, malamulo awo amati dziko ndi la secular, koma pulezidenti wawo woyamba Léopold Sédar Senghor anali Mkatolika ndipo analamulira kuyambira 1960 mpaka 1980 mothandizidwa ndi atsogoleri akuluakulu achisilamu. Kumeneko chipani cha ndale sichiloledwa kuima pa dzina la chipembedzo, koma andale amapita kukaonekera ku Touba pa mwambo waukulu wa Magal popanda wochita nazo manyazi, ndipo mu mzinda wa Touba womwewo mowa ndi fodya nzoletsedwa mwa lamulo la khalifa wa a Mouride, gulu lalikulu la Asilamu a m'dzikomo. Ku Fadiouth, kachilumba kopangidwa ndi zigoba za nkhono, kuli manda amodzi momwe mitanda ya Akhristu ili pafupi ndi manda a Asilamu. Palibe anganene kuti anthu a ku Senegal anagulitsa chipembedzo chawo.

FUNSO: Ine ndinamva zoti ku Indonesia munthu amalembetsa chipembedzo chake pa chiphaso cha unzika. Nde ndi dziko lachisilamu kapena la secular?
Mayi wina

YANKHO: Mayi, Indonesia anakana zonse ziwiri, ngakhale ndi limodzi mwa maiko awiri omwe ali ndi Asilamu ambiri padziko lonse. Pa 18 August 1945, tsiku limodzi chilengezereni ufulu wodzilamulira, atsogoleri awo anachotsa mawu asanu ndi awiri omwe akanakakamiza Asilamu kutsata sharia, poopa kuti zigawo za kum'mawa komwe kuli Akhristu ambiri zingapatuke. Dziko analikhazika pa Pancasila, mfundo zisanu za dziko, yoyamba ndi kukhulupirira Mulungu mmodzi. Boma limazindikira zipembedzo 6: Chisilamu, Chipulotesitanti, Chikatolika, Chihindu, Chibuda ndi cha Confucius, ndipo zoonadi pa chiphaso pali malo olembapo chipembedzo. Anthu a zikhulupiriro za makolo anachita kupita kukhothi kuti nawo azilembedwa, anawina mu 2017.

Ufulu ulipo koma uli ndi zingwe zake. Lamulo la mu 2006 limati pofuna kumanga nyumba yopempherera mupeze maina a anthu 90 omwe azipempheramo komanso anthu 60 a m'deralo ovomereza, nde taganizani kampingo kakang'ono kakuyenda khomo ndi khomo kupempha siginecha kwa anthu omwe sakukafuna, zaka zimatha. Lamulo lomweli limapwetekanso Asilamu m'madera momwe iwo ndi ochepa, anthu amaiwala zimenezo. Palinso lamulo loletsa kunyoza chipembedzo lomwe linamangitsa bwanamkubwa wa Jakarta, Basuki Tjahaja Purnama yemwe amadziwika kuti Ahok, Mkhristu, analamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri mu 2017 chifukwa cha zomwe anayankhula zokhudza vesi ina ya mu Qur'an chisankho chikuyandikira. Chigawo cha Aceh chokha nde chimayendera malamulo a sharia mpaka kukwapula anthu pagulu.

Nchifukwa chake ine sindithamangira kuona zomwe zalembedwa pa tsamba loyamba la malamulo a dziko. Ndimafunsa kuti munthu akasintha chipembedzo chimamuchitikira nchani, chifukwa Gawo 18 la chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu cha mu 1948 limanena poyera kuti munthu ali ndi ufulu wosintha chipembedzo chake, ndipo apa nde pamene maboma ambiri amayamba kuzemba. Ndimafunsanso za Msilamu yemwe amapemphera mosiyana ndi anzake, ngati a Ahmadiyya omwe ku Indonesia komweko mizikiti yawo ina inatsekedwa. Za pa pepala zokha zitha kukusokonezani, onani Bangladesh: mu 1972 analemba kuti dziko ndi la secular, mu 1977 anazichotsa, mu 1988 boma la Ershad linalengeza Chisilamu kukhala chipembedzo cha dziko, ndipo mu 2011 anabwezeretsa za secular koma osachotsa za Ershad zija, zonse ziwiri nkukhala m'buku limodzi.