Za khobidi la 10 tambala lokhala ndi chithunzi chopendekeka

Achimwene a ku Nkhotakota, mwafunsa ngati khobidi la 10 tambala la 1971 lomwe mwalipeza m'chitini cha agogo anu, lomwe chithunzi chake chapendekeka, linalakwika popangidwa, komanso momwe mungayambire kusonkhanitsa makobidi.

Musanachite china chilichonse, musalitsuke ndi phulusa, mchenga kapena mandimu, chifukwa khobidi lokwechedwa limataya mtengo ngakhale liwale bwanji.

Khobidi limapangidwa pokanikiza kachitsulo kozungulira pakati pa zidindo ziwiri, ndipo zolakwika zenizeni zimabadwira pamenepo. Kachitsuloko kakakhala kuti sikanakhale pakati bwino, chithunzi chimapita mbali imodzi n'kusiya mpata wosalala wooneka ngati mwezi watsopano. Chidindo chikang'aluka, pakhobidi pamatuluka kamzere kotukuka. Mzere wolowa mkati ndi chipsera chabe. Pa lanulo, pezani lina la chaka chomwecho, muwaike pamodzi nkhope ya Kamuzu itaima chilili, kenako muwatembenuze mofanana. Ngati chimanga cha kuseri kwa lanu chatembenuka pomwe cha linalo chili bwino, ndiye kuti chidindo chinasuntha. Koma kuno kunyanja chinyezi chimadya zitsulo, ndipo makobidi ambiri omwe ndaonetsedwa ndi eni ake akuti ndi osowa anali adzimbiri kapena ophwanyidwa ndi mwala, basi.

Poyamba kusonkhanitsa, ine ndingati yambani ndi a kwathu konkuno. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi mu 1971, ndipo 10 tambala inatenga malo a sheleni ya 1964 pamodzi ndi chimanga chake, monganso 20 tambala inatengera njovu za pa khobidi la masheleni awiri. Mukapeza awiriawiri amenewa, muonjezerepo a nkhope ya Bakili Muluzi, a K5 ndi K10 a zitsulo zamitundu iwiri olembedwa 2006, ndi mapeni obooka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Bowo la mapeniwo si cholakwika ayi, anawapanga dala motero, choncho musamvere omwe amati ndi a mamiliyoni.

Lililonse likhale m'kaenvelopu kakekake ka pepala, mulembepo chaka ndi komwe mwalipeza, ndipo poligwira muzigwira m'mphepete. Tumizani zithunzi za mbali zonse ziwiri, zojambulidwa masana, tilione bwino.