Mafunso Anu: Foni yolankhula ilipo, nanga Braille ndi yachaninso?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Ine ndili ku koleji, ndikuphunzira zophunzitsa ana aulumali. M'kalasi mwathu tagawanika, ena akuti Braille, zilembo zija osaona amawerenga ndi zala, inatha ntchito poti foni ndi laputopu zimamuwerengera mwana wosaona chilichonse, ena akuti zipangizozi zimangopatsa ana ulesi. Ineyo Braille ikundizunguza mutu, ndilimbikirebe kapena ndingoisiya? Ndine mtsikana wophunzira uphunzitsi.

YANKHO: Musaisiye achemwali. Anzanu a foniwo sakunama ayi, mapulogalamu owerenga mokweza zomwe zili pa sikirini alipodi, pa Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, pa kompyuta pali NVDA yomwe inayamba mu 2006 ndipo ndi yaulere, JAWS ndiye yogula. Koma kumvera ndi kuwerenga nzosiyana. Mwana amene amangomvera foni amatha kuyankha bwinobwino pakamwa koma mumuuze alembe, sipelo yake mungalire, sadziwa pomwe pakhala fulusitopu, ndiye ikafika samu yoti manambala uwaone m'mene akhalira mzere pa mzere khutu lokha silikwanitsa. Komanso mawu a m'makinawa si chilankhulo chilichonse amachitchula bwino, mawu ena amawaphwanya mpaka mwana kusokonezeka.

Braille yo musaiope, ndi timadontho 6 basi tosinthasintha mpaka kupanga zizindikiro 63, ndipo Louis Braille anaikonza mu 1824 ali ndi zaka 15 zokha. Ndikuganiza chikukuvutani ndi sileti yolembera Braille pamanja, poti umabowola pepala kuyambira kumanja kupita kumanzere kenako nkutembenuza pepala kuti uwerenge. Yambani pa makina otaipira Braille a Perkins ngati alipo, kadontho kalikonse kali ndi batani lake, mutu ukazolowera mubwerere ku sileti. Inu mumaona, ndiye mudzawerenga ndi maso, zala nza mwanayo.

Za ulesizo nde ayi, sindikugwirizana nazo olo pang'ono. Wovala magalasi timati ndi waulesi? Vuto lenileni ndi loti zipangizo zimathera mu kabati. Kafukufuku wina wa ku America mu 1993 anapeza kuti pafupifupi chipangizo chimodzi pa zitatu zilizonse eni ake anachisiya, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu chinali choti posankha sanawafunse maganizo. Kusukulu nchimodzimodzi, kamakina kothandiza mwana wosamva bwino katha batire kapena kakulira tswii m'khutu poti kachikombole ka m'khutu kamuchepera mwana akamakula, iye kuvula, aphunzitsi osadziwa kanthu nkumati ndi wamakani.

Nde musanamalize koleji yesani izi, yatsani TalkBack pa foni yanu, tsekani maso, mutumize meseji kwa mnzanu. Kungogusa kamodzi imangotchula, kuti itsegule mugusa kawiri. Koma muyambe mwafunsa kazimitsidwe kake, ambiri imawakanirira mpaka kukasaka wowathandiza.