Musanagule minibasi ya mudzi, yambani mwabwereka

Mayi, mwafunsa ngati gulu lanu la banki m'khonde lingagule minibasi yoti izinyamula anthu kuchoka kumudzi kupita kuboma, poti matola amabwera mwa apo ndi apo ndipo a kabaza akudula. Kugula mungathe ndithu. Chimene chimagwetsa magulu ndi miyezi yotsatirayo.

Kwathu tinayesapo ndi pikapu. Mwezi woyamba ndalama zinkaoneka. Kenako kunagwa zovuta, galimoto inapita kukatenga thupi kuchipatala, nanga ndani akanalimba mtima kutchula za mafuta pasiwa? Sabata yotsatira amfumu ali ndi mlandu kwa a T/A, tiwaperekeze. Mlamu wake wa dalaivala naye, "ndilipira fodya akagulidwa." Dzinja litafika masipuling'i anathyoka, m'bokosi mulibe ndi tambala yomwe. Inakhala pamiyala mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Palibe amene anaba, dziwani. Tinaidya tokha ndi chisoni chathu chomwe.

Ena mugulu muno akunena kuti kunja zimatheka. Zoona. Ku Netherlands anayamba minibasi ya mudzi mu 1977, ku Germany mu 1985, ndipo ku Germanyko amaitcha Bürgerbus. Anthu a m'mudzi amasinthana kuyendetsa osalandira malipiro, ndipo imanyamula anthu 8 okha kuti laisensi wamba ikwanire. Koma chimene sanakuuzeni n'chakuti boma la kumeneko limathandiza kugula galimotoyo, komanso misewu yake ndi ya tara. Inu muli nokha ndi msewu wafumbi. Ngakhale mabasi akuluakulu aja, kuyambira UTM, Stagecoach mpaka Shire Bus Lines, amene ankafika kumidzi, lero ali kuti?

Ndiye ine ndikanakhala inu, ndikanapangana kaye ndi munthu amene ali kale ndi minibasi kuti azibwera masiku awiri pasabata, tsiku la msika ndi tsiku la sikelo. Inyamuke nthawi yodziwika, kaya yadzaza kaya ayi. Gulu lizitolera ndalama dzulo lake, ndipo mipando ikatsala gululo lionjezere. Mukatero miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene matumba a anthu auma ndipo mitsinje yadzaza, kope la msungichuma lidzakuuzani lokha ngati anthu okwera alipodi.

Mukadzafika pogula, ndalama ya matayala, inshulansi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi makaniko izikhala m'thumba lakelake, losabwereketsa ngakhale tsiku logawana. Wotolera ndalama asakhale m'bale wa dalaivala. Ndipo za maliro ndi amayi oyembekezera mugwirizane lero, pamaso pa amfumu, zilembedwe: banja lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi kuti ulendo wa usiku wopita kuchipatala ukhale wolipiridwa kale.

Msewu wanu umadutsika mwezi wa Febuluwale? Mundiyankhe chimenecho kaye, chifukwa mwina chofunika kwanuko ndi njinga yamoto ya matayala atatu osati minibasi.