Wailesi za m'chipululu zinkalankhula ndi ndani?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Ndamva kuti kale ku Australia ankamanga nyumba za wailesi pa mabwalo a ndege a m'chipululu, kopanda ndi mudzi womwe. Nanga ankaulutsira ndani?"

Achimwene, sizinali wailesi za nyimbo kapena nkhani ayi. Womvera wake anali woyendetsa ndege amene ali m'mwamba.

Pa 21 Malichi 1931, ndege yotchedwa Southern Cloud inanyamuka ku Sydney ulendo wa ku Melbourne, muli anthu 8. Itanyamuka kale, a zanyengo anazindikira kuti kutsogolo kwake kuli namondwe woopsa. Koma m'ndegemo munalibe wailesi, choncho panalibe njira yochenjezera woyendetsa, Travis Shortridge. Ndegeyo inangosowa, ndipo zotsalira zake zinapezeka mu 1958 m'mapiri a Snowy Mountains, patadutsa zaka 27. Nkhaniyi imandipweteka mtima chifukwa uthenga woti n'kuwapulumutsa unalipo, unangosowa poudutsitsira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma linakhazikitsa masiteshoni a wailesi olankhulirana ndi ndege otchedwa Aeradio, amene poyamba ankayendetsedwa ndi kampani ya zamawailesi yotchedwa AWA. Ena anali kutchire kwenikweni, monga ku Forrest, m'chigwa chouma cha Nullarbor, m'mphepete mwa njanji. Bwalo la kumeneko linayamba mu 1929, ndipo okwera ndege za pakati pa Perth ndi Adelaide ankagona pomwepo.

Amene ndimamulemekeza kwambiri ndi munthu wa m'kanyumba ka wailesi. Mahedifoni ali kumutu, chala chili pa kabatani ka Morse (kotumizira uthenga pogogoda zizindikiro zoimira zilembo), amauza woyendetsa za mphepo, mitambo ndi fumbi pa bwalopo. Woyendetsa akasokera, ankatumiza zilembo zitatu, QDM, kufunsa kolunjika kuti akafike pa siteshoniyo. Wapansiyo ankapotokola pang'onopang'ono chipangizo chofufuzira kumene mawu akuchokera, kutchera khutu mpaka kulira kwa wailesi ya ndegeyo kutazilala. Pamene kwazilalirapo ndi pamene ankawerengera mbali imene ndege ili.

Ntchito ina inkaoneka ngati yaing'ono, koma kwa ine ndi imene inali yaikulu: kulemba m'buku nthawi ndi malo amene ndege iliyonse yanena kuti yafika. Ndege ikachedwa osamveka, iye ndiye ankayamba kudziwitsa anzake a m'masiteshoni ena, ndipo ofufuza ankadziwa chigawo choyambira kusaka m'malo mofunafuna dziko lonse.